Ka sonar ka pa foni ku Chilwa: sikathawitsa nsomba, koma ganizani kaye musanagule

Kodi ka sonar, kachipangizo kogwiritsa ntchito mawu poyeza kuya kwa madzi ndi kuona nsomba, kamathawitsa nsomba pa nyanja ya Chilwa? Ndiyambe ndi yankho lenilenilo poti ndikudziwa ena simufika kumapeto: ayi, ka sonar aka sikathawitsa nsomba, olo madzi akhale ofika m'chiuno. Chomwe chimabalalitsa nsomba ndi ifeyo eni ake, momwe timakaponyera m'madzi, kugogoda bwato, kusuntha mapazi, kutsitsa nsungwi yopondera mwamphamvu. Koma izi sizikutanthauza kuti mawa muthamange kukagula, chifukwa vuto la kachipangizo aka m'madzi osaya ndi lina, ndipo ndi lalikulu kuposa nkhani yoopseza nsombayi.

Kanga anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg, ndi tija totchipa topangidwa ku China, dzina lake silodziwika nde palibe chifukwa choti ndilitchule. Ndi kampira ka pulasitiki ka masentimita pafupifupi 7, kunsi kwake kuli timawaya tiwiri tachitsulo, kakangokhudza madzi kamayaka kokha. Mumakamangirira ku twaini, kukaponya, kenako kamalumikizana ndi foni kudzera pa Wi-Fi yakeyake, sizifuna bandulo kapena netiweki, zomwe ndi zabwino poti pakati pa nyanja netiweki imabwera ndi kupita. Pa sikirini ya foni mumaona kuya kwa madzi, kutentha kwake, mzere wosonyeza pansi, ndi tizithunzi ta nsomba. Pepala lake limati kamatumiza mawu pa 125 kHz, womwe ndi muyeso wa liwiro la kunjenjemera kwa mawuwo (frequency), kamaona motambalala madigiri 90, ndipo kamawerenga kuyambira mamita 0.7 mpaka 40. Manambala atatuwa muwasunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

Amene anayambitsa mtsutso kuno ndi achikulire ena a ku doko la Kachulu pa Chilwa omwe ndimakonda kukwera bwato lawo. Iwo atangoona kampirako kakuphethira anati mwanawe chotsa icho, nsomba zimamva, ukutiwonongera malo. Ndipo sindinawaone ngati akunena zopanda pake ayi, chifukwa mukakanyowetsa kuti kayake n'kukaika pafupi ndi khutu mumamvadi kakuti thi thi thi motsika kwambiri. Nde munthu amene wakhala pa nyanja moyo wake wonse, amene amadziwa kuti kungogwetsa chitini m'bwato matemba amamwazika, ali ndi chifukwa chokwanira chokayikira.

Chomwe chinandisangalatsa n'choti mtsutso womwewu ulinso kwa anthu a kumayiko ozizira, ndipo kumeneko ndi wotentha kwambiri. Ku Canada, ku Minnesota ndi ku Wisconsin ku America, ku Finland ndi ku Russia, nthawi yozizira nyanja zimaundana pamwamba mpaka munthu kuyendapo. Ku Minnesota boma limalangiza kuti ayisi akhale wokhuthala masentimita osachepera 10 munthu asanapondepo. Amaboola dzenje la masentimita 15 mpaka 25 ndi chobowolera, n'kukhala pa ndowa kapena m'kanyumba, n'kutsitsa mbedza. Popeza munthu sangaone chilichonse pansi pa ayisi, amatsitsa ka transducer m'dzenje momwemo, ndiye kachidutswa komwe kamatumiza mawu ndi kulandira akabwerera. Makina omwe amakonda kumeneko amawatchula kuti flasher, monga a kampani ya Vexilar ya ku Minnesota komweko, sikirini yake ndi yozungulira ndipo imaonetsa timizere tofiira, tachikasu ndi tobiriwira. Munthu amaona nyambo yake ikutsika, amaona nsomba ikukwera kudzainunkhiza, amaona ikutembenuka kubwerera. Nsomba zawo ndi perch, walleye, pike, crappie, zomwe kuno kulibe.

Nde taganizani, munthu ali pa madzi a mita imodzi ndi theka, ka transducer kali pamutu penipeni pa nsomba, madzi ndi oyera komanso ali bata chifukwa mphepo siyiwafika. Akuona nsomba yafika pa nyambo kenako yathawa. Maganizo oyamba ndi oti makinawa ndi amene aithawitsa. Koma pa nthawi yomweyo munthu yemweyo wangoboola kumene ayisi ndi injini, akuyenda ndi nsapato zolemera pamwamba pa nsomba, wakoka chileyi cha katundu, ndipo dzenje lija likulowetsa kuwala malo omwe munali mdima. Zonsezi nsomba ya m'madzi osaya imazimva ndi kuziona bwinobwino. Komanso makina aja asanabwere nsomba zinkabwera n'kubwerera osadya, kungoti palibe ankaziona. Makina angoonetsa poyera zomwe zinkachitika kale, basi anthu n'kuwaloza chala.

Tsopano tione makutu a nsomba, poti apa ndi pomwe ine ndinakhutira. Munthu amamva mawu kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz, ndiye kuti 20 kHz. Nsomba zambiri zimamva mawu otsika okhaokha, kulekezera cha m'ma 1,000 Hz kapena kupitirira pang'ono. Makumba ndi chambo zili m'gulu limeneli. Pali gulu lina lomwe limamva bwino kuposa anzawo chifukwa lili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba ndi khutu la mkati, timafupa tomwe Ernst Heinrich Weber wa ku Germany anafotokoza m'chaka cha 1820. Ndipo mukudziwa, matemba ndi mlamba onse ali m'gulu limeneli, kutanthauza kuti mwa nsomba zitatu zomwe zimagwidwa kwambiri m'Chilwa, makumba, matemba ndi mlamba, ziwiri ndi zakuthwa makutu. Achikulire aja sananame kuti matemba amamva. Koma olo akuthwa makutuwa amalekezera cha m'ma 3,000 mpaka 5,000 Hz. Kanga kamalira pa 125,000 Hz. Makina a pa ayisi ambiri ali pa 200,000 Hz. Kutalikirana kwake n'kwakukulu zedi, sikuti kangopitirira pang'ono ayi.

Zilipo nsomba zomwe zimamvadi mawu okwera chonchi, monga American shad ya ku nyanja ya Atlantic yomwe imatha kumva mpaka cha m'ma 180 kHz, ndi abale ake ena ochepa. Koma zimenezo m'Chilwa mulibe, m'madamu athu mulibe, ndipo perch kapena walleye za pansi pa ayisi sizili m'gulu limenelo.

Nanga ka thi thi kaja? Kaja kamabwera chifukwa makina satumiza mawu mosalekeza, amatumiza modukizadukiza, ndipo poyambira ndi pothera pa kugunda kulikonse pamatuluka kaphokoso kochepa kotsika komwe khutu likhoza kumva. Nde nsomba yomwe ili pafupi kwambiri ikhoza kukamva. Koma kumva ndi kuthawa ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'nyanja muli phokoso tsiku lonse, mafunde akumenya bango, achule, mbalame zikutera, maboti a injini opita ku chilumba cha Chisi. Nsomba imathawa chinthu chodzidzimutsa, chomwe chabwera mwadzidzidzi komanso chogwedeza madzi, ndipo kugwedezeka kwa madziko imakumva ndi mzere uja wa m'mbali mwa thupi lake, womwe umagwira ntchito pa kunjenjemera kotsika kwambiri. Kaphokoso kofanana kobwerezabwereza imakazolowera msanga.

Sindinafune kungokhulupirira zowerenga, nde ndinakayesa pa damu la nsomba la mnzanga wina ku Chingale, komwe anthu ambiri amaweta makumba ndi chilunguni. Damu lake ndi lakuya pafupifupi mita imodzi, ndipo m'mawa akamwaza madeya nsomba zimabwera pamwamba moti umaziona ndi maso. Tinakatsitsa pang'onopang'ono ndi ndodo, kali koyaka, n'kudikira madzi akhale bata, kenako tinamwaza madeya mozungulira kampirako. Zinabwera, zinadya, zina mpaka kumakajompha kampira komweko poganiza kuti n'chakudya. Kenako tinakakweza n'kukaponya kuchokera patali momwe munthu amaponyera mbedza, kanagwa kuti phava, nsomba zonse zii, ndipo panatenga kanthawi ndithu kuti zibwerere. Mnzangayo anatola mango aiwisi olemera mofanana n'kuponya, zotsatira zake zomwezo. Mango alibe batire, alibe sonar. Wina anena kuti nsomba za pa damu ndi zozolowera anthu, zoona, koma ngati zimathawa mango ndiye kuti mantha zikadali nawo, ndipo mantha amenewo sizinaonetse pa kampira koyaka kali phee.

Ku Chilwa ndimaona chimodzimodzi ndi mlamba. Ndikamangirira bwato m'mbali mwa njedza, kampira kali m'madzi pambali pa bwato, mbedza ya nyongolotsi ili pansi, mlamba umadya monga mwa masiku onse. Tsiku likakhala loipa limakhala loipa kaya kayaka kaya kazima. Chomwe chimasintha zinthu nthawi yomweyo ndi munthu akaimirira m'bwato kapena kugwetsa nkhafi.

Nde pa funso la kuopseza nsomba, kwa ine nkhani inatha. Tsopano tibwere pa zomwe zimandikhumudwitsa, poti ndalama zake si zochepa makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choodetsa kunja chinakwera.

Mawu a sonar amatuluka ngati kuwala kwa tochi, pafupi ndi tochiyo kuwala n'kochepa, kukamapita patali kumatambalala. Makina a madigiri 20, omwe ndi ofala pa ayisi, pa madzi a mamita 2 amangoona kabwalo ka masentimita pafupifupi 70 pansi. Ndiye kuti nsomba ikhoza kukhala mita imodzi kuchokera pa nyambo yanu inu osaiona. Kanga ka madigiri 90 kamaona bwalo lotambalala kuwirikiza kawiri kuya kwa madzi, pa mita imodzi ndi theka ndiye mamita 3. Zikumveka bwino eti? Koma kutambalala kumeneko kuli ndi mtengo wake, chifukwa chilichonse chomwe chili m'bwalolo, udzu, tsinde la bango, mono wa munthu wina, chingwe cha matchera, zonse zimabwera pa sikirini pamodzi, ndipo simungadziwe ngati chili kumanja kapena kumanzere kapena kutsogolo. Makina amangodziwa mtunda basi.

Kuonjezera apo pali gawo la pamwamba lomwe kamakhala kakhungu. Mawu m'madzi amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, ndiye pa madzi a mita imodzi ndi theka amapita pansi n'kubwerera m'magawo 2 okha mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Ka transducer kakangotumiza mawu kamakhala kakunjenjemerabe kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo sikangamve bwino zobwerera. N'chifukwa chake pepala lija limati kuyambira mamita 0.7. Tsono Chilwa malo ambiri ndi mita imodzi mpaka mamita awiri, ena osafika n'komwe. Mukachotsa 0.7 ya pamwamba, n'kuchotsanso gawo la pansi lomwe limasakanikirana ndi matope, chotsala chomwe mukuonadi ndi kachigawo kochepa kwambiri. Matemba omwe amakonda kuyenda chapamwamba amadutsa osaoneka n'komwe.

Anzathu a pa ayisi vuto ili amalidziwa. Makina ena a Vexilar ali ndi seting'i yochepetsa mphamvu ya m'madzi osaya, ndipo pa akale amagulitsa kachingwe kapadera kochita ntchito yomweyo. Anthu ena amaganiza kuti anaika zimenezi kuti nsomba zisaope, koma cholinga chake n'choti sikirini isadzadze ndi zinyalala, chifukwa mphamvu yokwanira mamita 30 mukaithira pa mita imodzi mawu amagunda pansi, kubwerera pamwamba, kugundanso pansi, moti mumaona pansi pawiri kapena patatu. Kanga kalibe seting'i imeneyo, kali ndi sensitivity yokha, ndiye kuti mphamvu yomvera mawu obwerera, yomwe ndimaitsitsa mpaka pafupifupi kumapeto ndikakhala ku Chilwa.

Ndipo tizithunzi ta nsomba tija, abale, tizimitseni. Ichi ndiye chinthu chomwe chimanamiza anthu kwambiri. Makina sadziwa nsomba, amangoona kuti pali chinachake pakati pa pamwamba ndi pansi chomwe chabweza mawu, apu ya pa foni n'kujambulapo kansomba n'kuliza belu. Chomwe chimabweza mawu kwambiri m'thupi la nsomba ndi kathumba ka mpweya kaja, ndiye chilichonse chokhala ndi mpweya chimaoneka ngati nsomba. Pansi pa Chilwa ndi matope okhaokha ofewa odzadza ndi zomera zowola, mukangoponda ndi nsungwi timathovu timakwera, foni n'kuyamba kulira kuti nsomba nsomba nsomba. Mapesi a bango ndi njedza nawonso ali ndi mpweya mkati. Munthu wosadziwa akhoza kukhala pamalo amodzi mpaka dzuwa kulowa akudikira nsomba zomwe kulibe. Ndikazimitsa tizithunzito n'kumaona mizere yeniyeni zimakhalako bwino, chinthu chongoima chimajambula mzere wowongoka osasintha, thovu limajambula mzere wokwera mopendekeka mpaka pamwamba, nsomba imalowa n'kutuluka komanso imasintha kuya. Zimatenga nthawi kuti maso azolowere, koma ndi njira yokhayo yomwe kachipangizoka kamanena zoona.

Mphepo nayo. Mwera ukayamba cha m'ma June ndi July, Chilwa imachita timafunde tating'onoting'ono tothinana chifukwa ndi yosaya, kampira kamangogwedezeka uku ndi uku, mzere wa pansi umakhala wokhotakhota, ndipo funde likakaphimba Wi-Fi imaduka poti siyidutsa m'madzi. Pa bokosi analemba mtunda wautali ndithu woti kakhoza kulumikizana ndi foni, koma ine ndimaona kuti pamadzi a bata pokha ndi pomwe kamayesako, kukakhala mafunde kasapitirire kutalika kwa mabwato atatu kapena anayi. Apa a pa ayisi amatiposa, kwawo ka transducer kamangolendewera m'dzenje osagwedezeka, n'chifukwa chake amatha kuona ngakhale kanyambo kakang'ono kwambiri.

Nanga kali ndi ubwino wanji? Ulipo, ndipo ndi chifukwa chake sindinakagulitse.

Choyamba kuya kwa madzi kamanena molondola. Ndinayerekeza ndi nsungwi yoyezedwa ndi tepi, kusiyana kwake kunali masentimita ochepa, ndipo kusiyanako kumabwera chifukwa nsungwi imalowa m'matope pomwe mawu amabwerera pamwamba pa matopewo. Wina afunsa kuti ngati nsungwi ikuyeza, makina ndi achani? Funso labwino. Kusiyana kwake n'koti nsungwi imayeza pomwe mwaima, komanso imavundula matope ndi kuthawitsa nsomba, pomwe kampira mumakakoka pang'onopang'ono kumbuyo kwa bwato n'kumaona pansi ponse momwe pakuyendera. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina, nde kuya kwake kumasintha chaka ndi chaka. Inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato ali pa matope ong'ambika ku Kachulu, kenako mvula ya Idai mu March 2019 inabwezeretsa madzi, Freddy mu 2023 n'kuonjezera. Kusintha konseku kumasuntha timikwasa ta pansi makamaka kumene mitsinje imathirira. Pamalo pomwe pansi patsika ndi masentimita 30 kapena 40 okha, m'nyanja yosaya chonchi ndi nkhani yaikulu, mlamba umakonda kutsata m'mphepete mwa timaenje totere. Kachipangizoka sikandionetsa mlambawo koma kamandionetsa pomwe ungakhale, ndipo pamenepo pokha kandithandiza kuposa tizithunzi tonse ta nsomba tija.

Kamasiyanitsanso pansi polimba ndi pofewa. Mchenga kapena miyala zimajambula mzere wokhuthala wowala, matope amajambula wofooka. Chakufupi ndi Chisi komwe kuli miyala kusiyanako kumaoneka bwino.

Chachiwiri, kwa alimi a nsomba. Mnzanga wa ku Chingale uja anapindula nako kuposa ine. Damu likakhalitsa matope amadzadza pansi osadziwa, madzi n'kumachepa, ndipo nthawi yotentha nsomba zimavutika. Tinakakoka kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi twaini, m'mphindi zochepa anadziwa mbali yomwe yakwiririka popanda kulowa m'madzi kapena kuphwetsa damu. Kutentha kwa madzi nako n'kofunika kwa iye, poti makumba madzi akazizira kwambiri sadya bwino, ndiye kumwaza chakudya chambiri m'mawa wa July n'kungotaya ndalama ndi kuipitsa madzi. Dziwani chabe kuti kamayeza kutentha kwa pamwamba pokha, ndipo kakakhala padzuwa nthawi yaitali musanakaponye dikirani kaye kazizire ndiye muwerenge. Ndikanakonda magulu a alimi a nsomba atamasonkherana kugula kamodzi n'kumabwerekana, chifukwa si chinthu chofunika tsiku lililonse. Za kuwerenga kuchuluka kwa nsomba m'damu iwalani, sikangathe.

Chachitatu, madzi akuya. Nditapita nako kuphiri la Zomba ku damu la Chagwa, komwe madzi ndi oyera komanso ozizira ndipo pansi pamatsika ndithu, kanasanduka chipangizo china. Pamenepo gawo lakhungu la pamwamba lija silikhalanso vuto, mitengo yomira imaoneka, nsomba imaoneka payokha yosiyana ndi pansi. Zikuonetseratu kuti anakapangira madzi a mamita atatu kupita m'tsogolo. Kuphiriko funsani kaye za chilolezo musanaponye mbedza, ndipo kumbukirani kuti damu la Mulunguzi ndi lomwe limamwetsa tauni yonse ya Zomba, si malo ongofikira kuchita zomwe mwafuna. Amene mumapita ku Mangochi kapena ku Liwonde pa Shire, kumeneko kangakuthandizeni kwambiri kuposa kuno, kungoti pa Shire madzi othamanga amakakoka msanga.

Batire yake imatchajidwa ndi USB, imakwana ulendo wa m'mawa mpaka masana koma osati tsiku lonse. Chomwe chimatha msanga ndi foni, chifukwa sikirini iyenera kukhala yowala mpaka kumapeto kuti muone padzuwa, Wi-Fi ili yoyaka, foni n'kutentha. Popanda power bank musanyamuke. Ndipo usiku wake magetsi akathima musanatchaje ndiye kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 30 wochokera mu tauni ya Zomba kupita ku Kachulu mwanyamula kampira kopanda ntchito. Foni m'bwato muiike m'kathumba ka pulasitiki kotseka n'kuimangirira m'khosi, bwato lamtengo siligwirizana ndi munthu amene dzanja lina lagwira foni lina ndodo maso ali pa sikirini.

Chinthu china chomwe pepala lake silinena. Madzi a Chilwa ali ndi mchere ndi soda, makamaka akamaphwera, ndipo akauma pa timawaya tiwiri tija pamatsala zoyerayera zomwe zimakoka chinyezi, kampira n'kumaganiza kuti kakadali m'madzi, kamakhala koyaka m'chikwama mpaka batire kutheratu. Mukafika kunyumba katsukeni ndi madzi a pampopi, kapukuteni, kaume. Kachivindikiro ka potchajira katsekeni mwamphamvu nthawi zonse, madzi akalowa pamenepo kuno simupeza wokonza, olo anyamata okonza mafoni mu msika wa Zomba sangapeze zipangizo zake. Twaini yomangira ikhale yolimba, ndipo ndodo yopyapyala ya matemba singakanyamule.

Apu yake ndi ya Chingerezi chokhotakhota, poyamba imakhala pa mafiti ndiye musinthe kuika mamita. Siyisunga mapu. Amene ali ndi ndalama zambiri pali Deeper ya ku Lithuania, mtundu wake wa PRO+ uli ndi GPS komanso ma frequency awiri, 90 kHz yotambalala madigiri 55 ndi 290 kHz yopyapyala madigiri 15, moti umatha kujambula mapu a pansi pa damu. Palinso LiveScope ya Garmin yomwe inatuluka mu 2018, imaonetsa nsomba zikuyenda pompopompo, ndipo ku America anthu akukangana ngati siyikupangitsa kuti nsomba zigwidwe mopitirira. Kumeneko alipo asodzi omwe amalimbikira kuti nsomba za m'malo owedzedwa kwambiri zaphunzira kuthawa zikaloza makinawo, koma bwato lomwe lanyamula makinawo limabweranso ndi injini ya magetsi, chithunzithunzi chake ndi phokoso la anthu, nde kuloza sonar yokha n'kovuta. Mitengo ya zimenezi kwa ambiri a ife n'kungoyang'ana pa intaneti basi.

Pa za kugwira mopitirira, ine ku Chilwa sindikuopa kampira aka ngakhale pang'ono. Chomwe chikutha nsomba kuno ndi maukonde a maso ang'onoang'ono ndi ma neti a udzudzu omwe amakokolola ndi ana omwe, komanso kusalemekeza nthawi yotseka nyanja yomwe ma BVC, makomiti a asodzi a m'madoko, amayesetsa kulondera. Zimandipweteka kuona timakumba tosakwana chala tili pa thandala. Munthu wa mbedza imodzi ndi foni sangafike pamenepo.

Nde ndani agule? Msodzi wa matchera kapena mono amene amagona ku zimbowera, timisasa tija ta pamadzi, sabata zingapo, ayi musataye ndalama, nyanjayi mukuidziwa kuposa makinawa ndipo kotchajira kulibe. Wowedza ndi mbedza kumapeto kwa sabata amene amangopita ku Chilwa kokha, ganizani kawiri, mukhala mukugula choyezera kuya basi. Amene mumasinthasintha malo, lero kuphiri mawa ku Liwonde mkuja ku Mangochi, gulani, koma musankhe komwe kali ndi ma frequency awiri kapena kopyapyala kuposa madigiri 90, ndipo mufunse wogulitsa kuti kamayambira kuya kotani. Alimi a madamu, sonkheranani.

Ndipo mukakhala nako m'madzi osaya, kagwiritseni ntchito motere: fikani pamalo mwakachetechete, katsitseni ndi dzanja pambali pa bwato m'malo mokaponya, tsitsani sensitivity, zimitsani tizithunzi ndi belu, pezani kamkwasa kanu. Ngati n'kofunika kuponya, ponyani kupitirira pomwe mukufuna kuwedza n'kukakoka pang'onopang'ono kubwerera, kenako dikirani mphindi khumi musanatsitse nyambo. Mukapeza malo mukhoza kukatulutsa m'madzi, osati chifukwa nsomba zikuopa koma kuti musunge batire ya foni, komanso mlamba ukakoka twaini yake isakolane ndi ya kampira.